Tsiku Lolemekeza Bi Mboja

Bi Mboja Faki ankagulitsa nsomba zokazinga padoko la kachilumba kena ka ku Pemba. Ukhansala anaupeza chifukwa cha mkangano wa amuna. Magulu awiri a asodzi anakana kugonjerana, ndiye anagwirizana zoikapo mzimayi, poganiza kuti wokazinga nsomba azingovomera zilizonse.

Sipanatenge nthawi, amuna aja anayamba kudzuma. Bi Mboja analimbana ndi boma mpaka linapereka boti la injini lonyamula amayi oyembekezera kupita kuchipatala kutsidya. Atamva kuti Mzee Makame, mkulu wa asodzi, akumalitenga kukaponyera makoka, anamasula injiniyo n'kumaisunga kunsi kwa bedi.

"Mayi inu, pampandopo tinakuikani ndife," anatero Mzee Makame.

"Ndikuthokoza, bambo. Koma injiniyo sindikupatsani."

Pachisankho chotsatira amuna aja anagwirizananso, ndipo Bi Mboja anabwerera kuchiwaya chawo.

Patapita zaka, kutauni kunachokera uthenga woti chilumba chilichonse chilemekeze amayi amene anatsogolerapo. Anakhoma tenti, nabwereka chimkuzamawu. Koma alendo amafunika kudya, ndipo pophika pilau, mpunga wothira zonunkhiritsa, Bi Mboja analibe wofanana nawo pachilumbapo. Komiti inawapempha kuti athandizeko pang'ono kukhitchini, nthawi ikakwana aitanidwa.

Ali mkati modula anyezi anamva mawu a Mzee Makame pachimkuzamawu: "Ineyo ndinaona kalekale kuti mwa mayi amenewa muli utsogoleri. Ena akuwanyoza, ine ndinaima nawo."

Bi Time, mnzawo wophika nawo, anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwamva, achemwali? Akuti anaima nanu."

"Anaimadi, pakhomo panga, kufuna injini. Tasonkhezani motowo."

Pamene dzina lawo linkaitanidwa, mpunga unali utangoyamba kuphwa madzi, nthawi yoti wophika sangachoke pamoto. Ataitana osayankhidwa, Mzee Makame anakwera pansanja n'kulandira satifiketi ndi nsalu ya kanga m'malo mwawo. Anawajambula akumwetulira pakati pa alendo, anthu n'kuwomba m'manja.

Bi Mboja sizinawapweteke monga Bi Time ankayembekezera. Mtima wawo unali pa pilau, ndipo alendo anadya mpaka kupala miphika. Satifiketi inafika kwawo mawa lake, itanyowa pang'ono pakona. Kanga ija Bi Mboja anakaiona Lachisanu padoko, ataivala mkazi wamng'ono wa Mzee Makame. Inamukhala bwino ndithu, ndipo Bi Mboja anamuuza choncho pomukulungira nsomba.