Ndinathamangitsa Felista pamaliro a amayi

Inu owerenga, ine ndinathamangitsa munthu pamaliro a mayi anga khamu lonse likuona, ndipo tsikulo ndinkadziona ngati mwana wodziwa kuteteza kholo lake. Ndine wa mtima wapachala, zimenezo kwathu ku Nguludi palibe sadziwa. Koma ulendo umenewu ukali wangawo unamana abale anga chinthu chimene sichingabwezedwe.

Munthuyo ndi Felista, mnzanga wa paubwana. Mwina munamuonapo pa kanema m'masewero oseketsa aja. Banja lakwawo ndi lakwathu timachitirana chidzukulu. Kwathu kukagwa zovuta, amuna awo ndiwo amakumba manda, akazi awo amaphika, ndipo tikabwerako kumanda mmodzi wa iwo amavala zovala za malemu n'kumayenda ndi kuyankhula monga ankachitira mwiniwake, mpaka ofedwa aseke misozi ili m'masaya. Felista luso lake analinolera pamenepo. Ankangofunika kukuyang'ana kamodzi, basi wakutenga yense.

Mayi anga ankagulitsa zitumbuwa ndi nthochi pafupi ndi chipatala cha mishoni. Ankayenda chopendekera chifukwa cha chiuno, ankakalipira aliyense wofinya nthochi asanagule, ndipo fodya wa mphuno ankamubisa pa mfundo ya chitenje kuopa amayi anzawo a kutchalitchi.

Felista atapita ku Blantyre n'kuyamba kutchuka, anthu anayamba kundiuza kuti mayi anga ali pa kanema. Ndinaonera pa foni ya mlamu wanga. Anali iwo ndithu, kayendedwe, kakalipidwe, ngakhale kuyetsemula kwa fodya kuja. Onse anali kugubuduka ndi phwete, koma ine thupi linachita tsembwe. Kwathu kutsanzira munthu chonchi ndi za pamaliro. Iye akuvala bwanji munthu wamoyo? Ndinati uku n'kuwalaula amayi, kuwafulumizitsa kumanda.

Eniake nkhaniyo sinawakhudze n'komwe. Anaseka mpaka kutsokomola. "Musiye mwanayo," anatero, "wandifikitsa ku Lilongwe ine osakwera basi."

Mvula itayamba anadwala, ndipo sanadzukenso. Mu mtima mwanga mlandu unali utatha kale. Titachoka kumanda, Felista anabwera chogwada kudzapempha duku ndi chitenje cha amayi kuti agwire ntchito yake ya udzukulu. Abale atamupatsa, ndinamulanda nsaluzo. Ndinakuwa kuti anawaika kale m'manda pa kanema, lero akufunanso chiyani? Anawomba m'manja mwaulemu, n'kunyamuka. Pambuyo pake palibe mdzukulu wina analimba mtima kutsanzira malemu, ndipo anthu anabalalika ali ndwii. Azakhali anga, amene anabadwa motsatana ndi amayi, anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba.

Felista anasiyiratu sewero lija, ngakhale ndi limene linamutchukitsa. Timavidiyo take tonse ta mayi wa zitumbuwa anatichotsa. Ndinati ndapambana.

Kenaka chinayamba chimene sindinkachiyembekezera. Nkhope ya amayi ndinali nayo pa chithunzi, koma mawu awo anayamba kundithawa. Ndikamalima ndinkayesa kukumbukira mmene ankandiitanira, osamveka kanthu. Ndinachita mantha kwambiri, abale. Mng'ono wanga nayenso anati zikumuchitikira. Tsiku lina ndinangokwera minibasi ya ku Limbe, manyazi ndawapinda m'thumba.

Ndinapeza Felista ndi anzake akujambula filimu pabwalo la nyumba ina. Zimene ndinaona sindidzaiwala. Wogwira kamera anali mtsikana. Wolamula kuti yambani, siyani, anali mayi wa mwana kumbuyo, ndipo amuna a ndevu zawo ankathamanga akangokweza dzanja. Pakati pawo panali Felista, amene tinkatola naye nkhuni. Ndikuona ndi maso anga anasanduka wapolisi wonenepa, kenaka mkwatibwi wamanyazi, osasintha chovala koma mapewa ndi pakamwa pokha. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndinazindikira kuti chimene ndinkachitcha malaulo chinali mphatso yoopsa, yoti munthu aisirire ndi mantha.

Atapuma ndinamuyandikira. Mawu onse opepesa amene ndinakonza m'minibasi anauluka. Ndinangoti, "Achemwali, mawu a amayi andisowa."

"Pa kamera ayi," anatero. Ananditengera kuseri kwa nyumba, nabwereka chitenje changa, n'kundifulatira. Ndinaona msana wake ukupindika pang'onopang'ono, chiuno chikupendekera. Atatembenuka, Felista panalibepo.

"Iwe, ulendo wonsewu wayenda ndi njala eti? Wadya?"

Ndinagwada pafumbi. "Sindinadye, amayi," ndinayankha, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro. Kenaka anayetsemula, nabisa mfundo ya chitenje msangamsanga ngati waona amayi a kutchalitchi, ine n'kuphulika kuseka mamina ali chuchuchu.

Inu owerenga, mtsikana wa pakhomo panu akamaseketsa anthu, musafulumire kunena kuti alibe mwambo kapena akulaula. Akazi oterewa amatiyang'anitsitsa kuposa mmene timayang'anirana tokha, ndipo amasunga za ife zimene chithunzi sichisunga. Chisoni chikakupsetsani mtima, khalani kaye pansi musanaloze munthu chala.

Ine mwayi ndinaupeza, koma ndinaupeza ndekha, kuseri kwa nyumba ya eni. Unali wa mudzi wonse, pabwalo la amayi, tsiku lowaperekeza. Ndinagwirizana ndi Felista kuti akadzabwera kumudzi adzawachitirenso azakhali, amene chiyambire maliro aja anali asanasekepo. Anabweradi mwezi wotsatira, koma anabwera pamaliro, kudzapempha duku la azakhaliwo.