Kuyang'ana Woweruza M'maso

Akhwangwala a ku Perth, ku Australia, ali ndi kaliridwe kawokawo. Amayamba mwamphamvu, kenako mawu amatsika pang'onopang'ono ngati mwana amene walira mpaka kutopa. Ndikawamva m'mawa wa mvula ndimabwerera ku Mirrabooka, dera la mumzindamu kumene ndinakulira, m'nyengo yozizira ya chaka changa chomaliza ku pulayimale, m'kalasi monunkha majuzi onyowa ndi makoko a manachesi. Mitengo ya bulugamu kuseri kwa zenera inkadontha tsiku lonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa zonse, matenda amene mpaka pano sanandithere.

Teremu imeneyo aphunzitsi athu, a Misisi Kerr, ankatiphunzitsa za malamulo: mlandu n'chiyani, apolisi amatani, khoti limayenda bwanji, munthu amalangidwiranji. Lachisanu tinkakankhira madesiki kukhoma n'kupanga khoti lathu. Woweruza ankafunda katani yakuda yonunkha fumbi, n'kukwera pampando wa aphunzitsi. Milandu yake inali yopeka, ya njinga yobedwa kapena galu woluma anthu, ndipo anzanga ankaseka mpaka misozi. Ine ndinkamvetsera ngati ndili m'tchalitchi, chifukwa kwathu kunali mlandu weniweni.

Achimwene anga a Limbani anali asanakhalitse ku Australia. Ife titasamuka ine ndili wakhanda, iwo anatsala ku Ntcheu ndi amalume kuti amalize sukulu, ndiye anatipeza ali kale mnyamata wamkulu, wofatsa, wa manja akuluakulu. Anapeza ntchito yonyamula katundu ku Kewdale. M'mawa wina akuchokera ku shifiti ya usiku, tulo tinawaba ali pa chiwongolero, galimoto n'kusiya msewu, n'kugunda mayi wina amene ankadikira basi. Mayiyo sanamwalire, koma sanayendenso. Achimwene anauvomera mlandu osatsutsa chilichonse. Chinatsala chinali chilango, ndipo ndinamva bambo akuuza abusa pa foni kuti akawapatsa chaka m'ndende kapena kupitirira apo, viza yawo ithetsedwa, ndipo akatuluka adzawakweza ndege ya ku Malawi osadzaloledwanso kubwera.

Ine palibe anandiuza kanthu, popeza mwana sauzidwa za akuluakulu. Koma nyumba yathu inali ya makoma opyapyala, ndipo makutu anga anali aatali. Ndinkaona banga la oilo pamalo pamene pankaima galimoto ija, mvula ikulimenya koma osalichotsa. Ndinkaona jekete lawo lachikasu la kuntchito litapachikidwa kuseri kwa chitseko. Amayi ankachokera ku shifiti yawo ku dera la Murdoch n'kukhala pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba osavula nsapato, tiyi n'kuzizira m'manja. Achimwene ankatsuka mbale zotsukidwa kale, kusesa m'galaja mosesedwa kale, ndipo akayenda m'nyumba sankamveka mapazi.

Tsiku lina a Misisi Kerr anatibweretsera mlendo, nkhalamba ina imene inali loya isanapume pantchito. Mawu ake anali olimba. Inatiuza kuti woweruza asanapereke chilango amaganizira zambiri, ndipo china mwa izo n'chakuti wolakwayo akumva chisoni kapena ayi. Mnyamata wina anafunsa kuti angadziwe bwanji zimenezo, poti mumtima simuoneka. Nkhalambayo inaseka pang'ono n'kunena kuti, "Umaona ndithu. Munthu woona mtima amakuyang'ana m'maso." Mwina inangoyankha kuti mwana akhale chete. Koma ine mawuwo ndinawasunga.

Achimwene anga sankayang'ana munthu wamkulu m'maso. Akamalankhula ndi bambo ankanjuta pafupi ndi mpando, manja pamodzi, maso pansi. Ankachita chimodzimodzi kwa abusa, kwa dalaivala wa basi, ngakhale kwa gogo wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe. Amayi ankanditosa nawo ine, amene ndinkawatong'olera maso akamandikalipira. "Taona achimwene ako, iwe wamwano iwe," ankatero. Tsopano ndinaona kuti ulemu umenewo ndi umene uti uwapititse kundende, ndipo m'nyumba yonse wodziwa zimenezi ndinali ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinatsegula khoti langa m'galaja. Ndinkafunda chitenje chakuda cha amayi chopitira kumaliro, n'kukwera pa filiza, achimwene n'kuima pafupi ndi makina otchetchera udzu. Mvula inkasokosa padenga lamalata, ndipo munkanunkha petulo ndi makatoni onyowa. Chichewa changa nthawi imeneyo chinali chothyokathyoka, Chingerezi chawo chinali cha m'mabuku, koma tinkamvana. Ndinawafotokozera zimene loya uja ananena. Anaseka kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi, n'kundiyang'ana m'maso mosavuta.

"Chonchi, a jaji?"

"Ine ndine mwana, sizikuwerengedwa. Mukayese kwa adadi."

Anayesa madzulo omwewo tikudya. Ndinaona maso awo akukwera pang'onopang'ono, kuchoka pa mbale, kufika pa mabatani a shati ya bambo, kufika pachibwano. Thukuta linatuluka pamphumi, kunja kukuzizira chomwecho. Bambo anasiya kutafuna n'kufunsa kuti, "Iwe Limbani, wadwala?" Maso aja anagwa pomwepo. Ndinawaponda phazi achimwene pansi pa tebulo, koma sanawadzutsenso.

Sindinawasiye. Tikapita kukagula ufa ku shopu ya anthu akwathu ndinkawakoka dzanja kuti ayese pa mwini shopu. Pa basi ndinkawanong'oneza kuti ayese pa dalaivala. Ndinali mphunzitsi wankhanza, wosadziwa kuyamikira, ndipo iwo ankangondipirira. Tsiku lina gogo wachizungu uja akudulira maluwa kumpanda kwake, achimwene anapita kukamupatsa moni, n'kumuyang'ana m'maso mpaka moniwo kutha. Anabwerako akupuma ngati athamanga. Ndinalumpha ndi chimwemwe, mtima wanga n'kukhazikika kuti ndawapulumutsa. Ndinawalumbiritsa kuti akachita chimodzimodzi kukhoti.

"Ndikayesetsa, a jaji," anatero, akundisisita m'mutu.

Tsiku la chigamulo anandituma kusukulu ngati masiku onse. Ndinawaona achimwene akuvala suti ya bambo, yothina m'mapewa, amayi akuwakonza kolala. Ndisanatuluke ndinaloza maso anga ndi zala ziwiri, iwo n'kugwedeza mutu. M'kalasi sindinamve kanthu tsiku limenelo. Ndinkangoyang'ana madzi akutsetsereka pagalasi, ndikuwerenga m'mutu masitepe a maso awo: mabatani, chibwano, mphuno.

Nditabwerako ndinapeza nsapato za azimayi zitandandalikidwa pakhomo ngati pamaliro. M'nyumba munali fungo la maambulera onyowa ndi tiyi wamkaka. Azimayi a kutchalitchi anakhala pansi pabalaza atatambalala, amayi ali pakati pawo, maso atatupa. Bambo anali kuchipinda, chitseko chotseka. Sindinafunse kuti achimwene ali kuti. Ndinaima pakhomo chikwama chili kumsana, n'kumva amayi akuuza anzawo ndi mawu osasa.

"Koma mwana wanga sanatichititse manyazi. Nthawi yonse imene ajaji amalankhula anali chizolikire, manja pamodzi, osadzutsa mutu ngakhale pang'ono. Aliyense waona kuti ndi mwana woleredwa."

Azimayi aja anavomereza chapansipansi, ena akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinakuwa. Ndinakuwa m'Chingerezi, mawu amene sindikuwakumbukira, mpaka mayi wina anandinyamula kupita nane kukhitchini. Onse ankaganiza kuti ndikulira chifukwa chowasowa achimwene. Ndinali nditakwiya, ndinawakwiyira amayi, amalume a ku Ntcheu amene sindinkawadziwa n'komwe, komanso achimwene eniakewo chifukwa chosasunga lumbiro.

Anawapatsa kupitirira chaka. Atamaliza kugwira ukaidi sanabwere ngakhale kudzatenga zovala, anachoka kumeneko kulunjika ku bwalo la ndege. Zaka zonse za kusekondale ndinkalota ndili pa filiza paja, iwo ataima patsogolo panga mu suti yothina, ine ndikuwaitana, mutu wawo osadzuka. Chichewa ndinachiphunzira mwakhama kuti ndizitha kucheza nawo pa foni, koma za tsiku lija sitinkazikhudza.

Panopa ndimamasulira anthu akwathu m'makhoti a mumzinda uno. Ndaona olakwa oyang'ana woweruza mosaphethira akulandira zaka zambiri, ndi ena ozolika akubwerera kwawo. Ndikudziwa kuti pa mlandu ngati uja chimalemera n'kuvulala kwa munthu, osati kumene maso aloza. Komabe chaka chatha ndinalimba mtima n'kuwafunsa achimwene za tsiku lija. Ali ndi banja tsopano ku Ntcheu, ndipo pa foni pankamveka ana akusewera. Anandiyankha kuti:

"Ndinadzutsa mutu, mchemwali. Nditangolowa ndinadzutsa monga unandiphunzitsira. Koma munthu woyamba kumuona sanali jaji. Anali mayi aja, pa njinga ya olumala, kamwana kawo kakuwagwira dzanja. Anandiyang'ana, nanenso ndinawayang'ana. Zitatero khosi linakana kudzutsanso mutu."

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti achimwene anga anatayika chifukwa phunziro langa silinalowe. Amayi mpaka lero amanena kuti unali ulemu wa kwathu, ndipo sindiwatsutsa. M'khoti langa la m'galaja munali woweruza ndi woimbidwa mlandu basi. Mayi wa pa siteji ya basi uja sindinamuikire mpando, ndipo dzina lake sindinafunsepo aliyense.