Pasiwedi ya pa Maliro

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinapalasa njinga kuchoka pa Lirangwe mpaka kufupi ndi Mdeka kukachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimafuna kulavula. Ndiyambe ndafotokoza za gemu imene inatizunguza mitu, chifukwa mukapanda kuidziwa mudzaganiza kuti ndinali wamisala, pamene ndinali chitsiru wamba.

Kuseri kwa golosale ina pa Lirangwe kunali kachipinda kotentha ngati uvuni wa njerwa, momwe a Lameki anaikamo makompyuta asanu akale. A Lameki ankanyamula katundu ku bwalo la ndege ku Chileka, ndipo makompyutawo anawatola motchipa ofesi ina ikutaya zinthu zakutha. Mkati mwa sabata anthu ankabwera kudzalemba makalata ofunsira ntchito, koma Loweruka chipinda chonse chinali cha ife ankhondo.

Gemuyo inali ya pa intaneti, ya dziko lopeka la nkhalango, mapanga, mfiti ndi zinjoka. Aliyense ankasankha kamunthu kake: wina wa lupanga, wina wa uta, wina woponya moto, wina sing'anga. Ukapha chilombo chinkagwetsa golide kapena chikopa, ndipo chikopacho unkakagulitsa ku msika wa mumzinda wa gemuyo, kumene anthu a mayiko ena ankatsatsa malonda osapuma. Msikawo unali ndi mavenda ake, ogula mankhwala onse akatchipa n'kuwabisa mpaka tsiku la nkhondo, monga amachitira ogula chimanga nthawi yokolola. Ife a pa Lirangwe tinali amphawi ngakhale kumeneko. Anzathu akunja anali ndi intaneti yothamanga, pamene ife kamunthu kathu kankangoima njii pakati pa nkhondo netiweki ikamaganiza kaye, ndipo ikabwerera tinkapeza tafa kale. Magetsi akazima gulu lonse linkafera limodzi ngati nkhuku za chitopa.

Gulu lathu linali la anthu asanu. Mtsogoleri anali a Lameki eni ake, bambo wa ana atatu amene ankawadziwa bwino bambo awo ndi kumsana, poti maso ankangokhala pa kompyuta. M'gemu ankatchedwa Mfumu Mphenzi, ndipo ankavala malaya achitsulo agolide ndi chinsalu chofiira chokwekweza pansi. Munthu amene sabata yonse ankati "inde bwana" kwa aliyense wovala tayi, Loweruka ankatilamula ngati mkulu wa asilikali. Panalinso anyamata awiri akuluakulu, Gifiti ndi Mavuto, makondakitala a minibasi. Kenako ine, wa lupanga, ndi mnzanga Yusufu, sing'anga wathu.

A Lameki ankakonda kulalikira tisanayambe nkhondo. "Pano ndife banja," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Mmodzi akagwa, tonse tagwa." Ife tinkavomera ndi mtima wonse, ndipo tinkaitanana achimwene.

Using'anga inali ntchito imene aliyense ankaithawa. Sing'anga sapha chilombo ndipo satamandidwa. Amaima kumbuyo kuyang'ana timizere tofiira tosonyeza moyo wa anzake, wina kamzere kakatsika amamuthira mankhwala, wina akafa amamudzutsa. Mankhwalawo anali odula ku msika, choncho Yusufu ankatha ola lathunthu akuthyola zitsamba m'dambo la m'gemu pamene ife tinkathamangitsa mimbulu. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, wosalankhulalankhula, ndipo Loweruka lililonse ankapalasa njinga kuchokera kwawo kufupi ndi Mdeka. Ine anandidzutsa kwa akufa kambirimbiri, ndipo sindikumbukira tsiku limene ndinamuthokoza.

Mayi ake ankagulitsa usipa ndi mpunga pa msika wa Lirangwe. Akandiona ankaseka n'kunena kuti, "Amuna anga afika," kenako n'kundithirira basela wodzaza dzanja. Dzina lawo sindinkalidziwa. Kwathu mwana satchula dzina la mayi wa mnzake, choncho kwa ine anali amake Yusufu basi.

Tsono m'gemu muja munali chinjoka chimene chinkatuluka m'phanga kamodzi pa sabata, Loweruka nthawi ya 3 koloko masana. Chikafa chinkagwetsa lupanga limodzi lokha, loyaka moto wobiriwira. Magulu akunja ankakangana n'kutha chifukwa cha lupanga limeneli, koma ife tinakonza zachipereganyu: lero la uyu, tsiku lina la uyo. A Lameki, monga mungaganizire, anayamba ndiwo. Chinjokacho tinkachipha mwa apo ndi apo, ndipo ine ndinadikira miyezi inayi kuti nthawi yanga ikwane. Itangokwana, eni gemu analengeza kuti Loweruka lotsatira linali lomaliza, ndipo pambuyo pake phanga lidzatsekedwa. Sabata imeneyo ndinalemba mayeso awiri kusukulu, koma m'mutu mwanga munali moto wobiriwira wokhawokha.

Loweruka m'mamawa uthenga unafika kuti amake Yusufu amwalira. Ife ndife Asilamu, maliro sagonera, ndipo anati aika tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero lathu la masana. Bambo anga, amene ankagulitsa zipangizo za njinga, anatseka shopu n'kuvala mkanjo wawo woyera. "Ukamaliza kutunga madzi unditsatire," anatero akukwera minibasi. Ndinavomera, ndinatunga madziwo, kenako ndinalunjika kwa a Lameki.

Ndinawapeza onse atatu nkhope zili zakugwa, ndipo ndinaganiza kuti akulira maliro. Ayi ndithu. Ankalira sing'anga. Popanda sing'anga chinjoka chinkatipsereza tonse m'mphindi ziwiri. Anali atayesa kale kumuimbira Yusufu kanayi, koma foni inali yozima.

"Zamalirozi n'zomvetsa chisoni, eti," anatero a Lameki, "koma chinjoka sichidziwa maliro. Iwe Idrisa, mesa ndi mnzako ameneuja? Komanso lupangali ndi lako. Takwera njinga ukatenge pasiwedi yake. Sing'angayo ndimuyendetsa ndekha, dzanja lina uku lina uku."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana, kapena kuti ndinazengereza pang'ono. Bodza. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, ndinaona kuti nthawi ilipo yopita ndi kubwera, ndipo ndinatuluka ndikuthamanga.

Dzuwa linali loswa mtengo. Ndinapalasa mpaka malaya kumatirira kumsana, ndinasiya tala n'kulowa kamsewu kafumbi. Pamene ndinaona masamba oikidwa pamsewu ndinatsika njinga n'kuyamba kuikankha, monga amachitira munthu aliyense woleredwa bwino. Ulemu wa kumiyendo ndinali nawo. M'nyumba amayi ankalira, ndipo abambo anakhala pamikeka pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wina anaimirira kufotokoza mmene malemu anadwalira, ndipo apo ndi pamene ndinamva koyamba dzina lawo. Anali Asiyatu.

Bambo anga anandiona. Nkhope yawo inawala, ndipo anasendera kundisiyira malo pamkeka. Ndinawamva akunong'oneza mnzawo kuti, "Uyu ndi wanga, mnzake wa mwana wamasiyeyo. Wapalasa yekha kuchoka ku Lirangwe." Mnzawoyo anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinakhala pamenepo mphindi zingapo mutu uli pansi, anthu akuyesa ndikupemphera, pamene ndinkawerengera nthawi.

Yusufu ndinamupeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa mtondo wogwetsedwa pafupi ndi khola la mbuzi. Maso ake anali ofiira. Atandiona anaimirira n'kundigwira dzanja, ndipo sanalisiye msanga.

"Wabwera, aise," anatero. "Enawo ali m'mbuyo?"

"Akuti pepa kwambiri," ndinayankha. Kenako, ndikuyang'ana mbuzi, ndinanena chimene ndinabwerera.

Sanakalipe. Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anandionapo.

"Chinjoka?" anafunsa.

"Ee. Lero ndi lomaliza."

Analowa m'kachipinda kake, anatuluka ndi kapepala kong'amba m'kope la kusukulu atakapinda kawiri, n'kundiika m'dzanja. "Mankhwala ali m'thumba lachiwiri," anatero. "Uwauze a Lameki asamathamangire kutsogolo, amafa msanga." Anabwerera pa mtondo paja, ndipo sanandiyang'anenso.

Pamene abambo ankaimirira kuti atulutse jeneza, chithatha chonyamulira maliro, ine ndinali ndikukankha njinga m'munda wa nandolo kuseri kwa mudzi, ndikuwerama kuti bambo asandione.

Ndinafika pa Lirangwe kutatsala mphindi khumi ndi zisanu. Anandilandira ngati ndagoletsa chigoli. A Lameki, poti anali munthu wamwambo, analamula kuti tiyambe takhuza maliro. Tinatenga tianthu tathu n'kutikhazika pansi mozungulira m'kachisi wa m'gemu kwa mphindi imodzi. Mfumu Mphenzi anavula chisoti chake chagolide. Gifiti ankatafuna chimanga chootcha, koma mwaulemu, osatsegula pakamwa. Kumeneko ndiko kunali kukhuza kwa banja lija la mmodzi akagwa tonse tagwa, pamene maliro enieni anali ulendo umene minibasi ya Gifiti yemweyo inkauyenda kasanu pa tsiku.

"Taika pasiwediyo, nthawi yatha," anatero a Lameki.

Ndinatambasula kapepala kaja. Panalembedwa manambala awiri ndi mawu amodzi: Asiyatu. Yusufu anasankha dzina la mayi ake, poti palibe mnzake amene akanalilota. Ndinakhala ndikuliyang'ana. Mwina nthawi yomweyo anali akuwatsitsira m'manda. Zala zanga zinagwira ntchito yake, zikulemba chilembo chimodzichimodzi, dzina limene sindikanayerekeza kulitchula iwo ali moyo. Sing'anga anatulukira pakompyuta atanyamula ndodo yake, thumba lachiwiri lili lodzaza ndi mankhwala amene mwini wake anasonkhanitsa Loweruka ndi Loweruka chifukwa cha lupanga langa.

Chinjoka tinachipha. Magetsi sanazime, netiweki sinaganize, ndipo a Lameki anafa kamodzi kokha. Lupanga linagwa, ndinalitola, moto wobiriwira unayaka m'dzanja la kamunthu kanga. Ndinakondwa, ndisaname. Chimwemwecho chinandiperekeza mpaka pa mpata wa kunyumba kwathu.

Bambo anali atakhala pakhonde, asanavule mkanjo. Paphewa pawo panali dothi lofiira. Anandifunsa kumene ndinapita, ndipo ndinawauza zonse, poti mabodza anali atandithera. Ndinkayembekeza lamba, ndipo ndinkamufuna, chifukwa lamba amatha. Sanandimenye.

"Ponyamula jeneza timapatsana," anatero motsitsa mawu. "Munthu amayenda pang'ono n'kusiyira wina. Ine ndinatembenuka kuti ndikusiyire iwe, ndinapeza mwana wa eni." Kenako anafunsa, "Ndiye lupangalo walipeza?"

"Inde, bambo."

"Ubwere nalo mawa. Njira ya kumanda kuja yawirira, tikalambule nalo."

Analowa m'nyumba kukasamba. Za nkhaniyi sanadzanenenso china moyo wawo wonse.

Yusufu sanabwerenso ku gemu. Pasiwedi sanaisinthe, ndipo a Lameki anamuyendetsa sing'anga uja mpaka mankhwala atatha, kenako anagulitsa ndodo yake ku msika. Ankadandaula kuti mwana uja alibe mtima wa gulu. Lupanga langa linandipatsa ulemu kwa miyezi iwiri. Kenako eni gemu anatsegula phanga latsopano lokhala ndi malupanga oposa langa, ndipo mavenda a mumzinda uja anayamba kuligula pa mtengo wa chikopa cha mmbulu. Ndikakumana ndi Yusufu pa msika, pamene mlongo wake anatenga malo a mayi awo, ankandipatsa moni bwinobwino ngati wopatsa kasitomala. Kupepesa ndinkakukonzekera kunyumba, koma ndikafika pamaso pake ndinkafunsa mtengo wa usipa.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri bambo anga anamwalira. A Lameki ananditumizira uthenga pafoni, kachithunzi ka nkhope yolira ndi manja opemphera. Sindinadabwe, poti ndi mmene ankakhuzira kuyambira kale. Tikupita kumanda, phewa langa litayamba kuwawa, wina anandigwira pamkono kuti ndimusiyire. Ndinatembenuka, ndipo anali Yusufu, thukuta lili kamukamu, buluku lake litamangidwa ndi kamphira kumwendo kuti lisakodwe mu tcheni cha njinga. Palibe amene anamutuma. Ananyamula bambo anga mtunda wautali kuposa wina aliyense, ndipo titaika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepa, aise," basi.

Gemuyo sindiida. Masewera ndi masewera, ndipo ana anga amasewera awo. Chimene ndimanyansidwa nacho ndi ubale wa pakamwa, wa anthu oitanana achimwene malinga ngati wina akuwathira mankhwala kumbuyo. A Lameki ndimawanyoza, koma iwo sanapalase njinga tsiku lija. Ndinapalasa ndine, ndinamuyang'ana mnzanga maso ali ofiira, ndipo ndinaona thumba la mankhwala.

Lero ndimagwira ntchito ya pakompyuta ku Blantyre, ndipo mapasiwedi ndimaiwala mwezi ndi mwezi mpaka anzanga amandiseka. Imodzi yokha ndi imene yakana kuchoka. Ndinailemba kamodzi kokha, koma zala zanga zikhoza kuilemba ngakhale nditatsinzina.