Ufa pamutu pa Che Jafali

Loweruka lapitali ndinapita kwa Mponda kukalukitsa tsitsi kwa Abiti Yusufu. Pangano lathu ndi lakale: iwo amaluka, ine ndimawafotokozera nkhani ya m'kabuku kachikondi kamene ndawerenga. Timabukuti timabwerekana ife aphunzitsi, anamwino ndi otayipa a paboma, titatikutira ndi pepala la khaki kuti chithunzi cha pachikuto chisaoneke.

Abiti Yusufu Chingerezi sachimva, koma amasankha nkhani. Za anthu oonana lero mawa ukwati sazifuna. "Amenewo ndi ana," amatero. Amafuna zija za anthu amene anakondana kale, nasiyana, n'kudzakumananso imvi zitayamba. Ndikangofulumira pofotokoza, amandikoka tsitsi.

Tsikulo ndili mkati mofotokoza, manja awo anaima. Ndinadzutsa mutu. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, panakhala bambo wina woonda, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Sankapempha, sankagulitsa kanthu. Ankangoyang'ana khonde lathu.

Chimene chinandichititsa nthumanzi si bamboyo, koma anthu odutsa. Amayi osenza nsomba, a panjinga, amuna ochokera ku mzikiti, onse ankamulambalala ngati pali dzenje, maso ali kumbali. Kuno kwa Mponda, kumene munthu sadutsa mnzake osapereka moni! Ndinayamba kukayika kuti mwina ndikumuona ndekha.

"Amayi, kodi pamtengo paja pali munthu?"

"Alipo, aphunzitsi," anayankha motsitsa mawu. "Ndi Che Jafali. Anali amuna anga."

Zotsalazo anandiuza pang'onopang'ono, ulusi uli pakamwa. Che Jafali ankayendetsa lole ya nsomba kuchokera ku Monkey Bay. Tsiku lina anayankhula mawu ena pomwera tiyi, ndipo mawa lake galimoto inabwera kudzawatenga. Anapita ulendo uja umene inu ndi ine sitifunsa kuti wapita kuti kapena abwera liti. Abale a mkazi, mwa mantha, anathetsa ukwati mwini wake palibe. Dzina lake linaleka kutchulidwa, mpaka ena anakhulupirira kuti anamwalira. Masiku apitawa anangotsika basi ndi kathumba m'manja.

Mlongo wawo wa Abiti Yusufu, amene ndi mesenjala paboma, anali atawachenjeza kale: "Mukangowapatsa madzi, ntchito yanga yatha. Ndipo galimoto ija njira ikuidziwa."

"Aphunzitsi," anandifunsa, "m'mabuku mwanumo, munthu akabwera chonchi, amayamba kuyankhula ndani?"

"Palibe amene amayamba. Amangozungulirana mpaka kumapeto."

"Eya. Olembawo akudziwa."

Aphunzitsi anzanga aamuna amatiseka ndi timabukuti. Akuti ndi ta anthu osowa chochita. Asiyeni aseke, iwo amene amawerenga tsamba la mpira lokha. Koma tandiuzani, awerengi: m'dera lino ndi khomo liti limene lilibe wina amene anapita? Wina ku Joni. Wina anasamutsidwa pa ntchito n'kuiwala njira. Wina bwato lake linabwerera lokha. Wina ulendo uja.

Chikondi chothamanga ndi cha anthu amene sanatayepo kanthu. Amene anatayapo amafuna kumva kuti madzi saiwala khwawa. Amadziwanso kuti wobwererayo sakhala yemwe uja anapita. Mano ena palibe, tulo sagona bwino, nthabwala zake zinatsala kumeneko. Uyenera kumuphunziranso, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake wolemba akachedwetsa nkhani sitikwiya. Timangomva kuti sakutinamiza.

Palinso china. M'bukumo mkazi amafunsa mokweza kuti, "Munali kuti zaka zonsezi?" ndipo mwamuna amayankha, zenera lili chitsegulire. Ndikafika pamenepo ndimachita nsanje, sindibisa.

Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu akatuluka m'ndende kapena akapambana mlandu, timamuthira ufa pamutu, nthungululu zili m'mwamba. Koma Che Jafali akanawathira ufa ndani? Kuthira ufa ndi kunena kuti munthuyu analibe mlandu. Ndipo kunena kuti analibe mlandu ndi kunenanso china, chimene ine sindilemba pano.

Lachitatu ndikuweruka kusukulu ndinadzera komweko. Bamboyo anali pamalo pake. Kenaka ndinaona Abiti Yusufu akutuluka m'nyumba ndi mbale ya ufa. Anawoloka msewu osathamanga, ngati akupita kukatunga madzi. Makina a telala wa pafupipo anasiya kulira. Mayi wina wogulitsa usipa anatsala ndi dzanja m'malere.

Anawathira ufa wonse pamutu. Panalibe nthungululu ngakhale imodzi. Bamboyo anatsala ali mbuu ngati munthu wofukulidwa m'manda, misozi ikudula mizere m'masaya.

"Mwabwerako?"

"Ndabwerako." Mawu ake anali osasa, ngati a munthu amene waiwala kuwagwiritsa ntchito.

Mayiwo anatola kathumba kaja, natsogola. Bamboyo anatsatira. Msewu wonse unayang'ana kwina.

M'kabuku, apa mpamene pamalembedwa kuti nkhani yatha. Dzulo ndinapita kukawamalizira ija tinaisiya panjira. Che Jafali anali pamphasa pakona, akumwa tiyi, jekete ili pamsomali. Ndinafotokoza mpaka pa ukwati.

"Basi?" anafunsa Abiti Yusufu. "Nanga galimoto ikalira panja, m'bukumo amatani?"

Ndisanayankhe, inaliradi. Inabwera mochepetsa liwiro, n'kuima pafupi ndi nyumba. Che Jafali anaika kapu pansi mosamala, navala jekete yawo, nakaima pakhomo manja ali kumbuyo. Palibe amene anawauza kutero.

Inali lole ya nsomba, dalaivala ankafuna kugula fodya. Itachoka, Abiti Yusufu anadzuka, nawavula jekete ija pang'onopang'ono, dzanja limodzi kenaka linalo, naibweza pamsomali.

Potuluka ndinaona kuti ufa uja ukadali pansi pa mtengo, ndipo anthu akuulambalala monga ankachitira ndi mwini wake. Mayi mmodzi wawoloka msewu yekha. Nanga inu, mukadzakumana ndi Che Jafali pamsika, mudzawapatsa moni?