Mayi wa Kachewere ndi Kamagazini Kathu

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Malawi ndi mphasa, mapoto ndi Chichewa cha kusukulu. Ine ndinapeza ntchito ya uphunzitsi mu mzinda wa Tete, n'kumakhala ku Chimadzi m'kanyumba kotentha ngati ng'anjo. Kumeneko ndinayambitsa kamagazini ka ndakatulo ndi nkhani zazifupi pamodzi ndi mnzanga wina, Mnyungwe wolongolola, amene ankakatcha revisita. Revisita yake iti! Anali mapepala ochepa osokedwa ndi ulusi, otayipidwa pa sitensulo n'kupukusidwa pa makina akale a kutchalitchi, amene ankatidetsa manja mpaka m'zigongono. Theka Chipwitikizi, theka Chinyanja. Ogula anali aphunzitsi anzathu, nawonso mochita kuwakoka malaya. Makope otsala tinkapatsa amayi a mumsika kuti azikulungira mtedza, kusiyana n'kuti chiswe chidye.

Olemba ankatisowa koopsa. Nthawi zina ndinkalemba ndekha ndakatulo zonse n'kuika maina opeka, kuti tizioneka ngati tilipo ambiri. Ndiye tangoganizani m'mene ndinasangalalira tsiku limene mayi wina wogulitsa kachewere anandiitana mumsika. Anali wa ku Tsangano, wamasiye, ndipo ankabwera pa lole ndi matumba ake n'kugona kwa achibale ku Nhartanda.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mumasindikiza zolemba za anthu," anatero, akutulutsa mapepala amene anawapinda m'nsalu. "Kulemba ndinaphunzira ku Malawi, kusukulu ya akuluakulu. Koma dzina langa musaikepo."

Ndinawerenga nditaimirira pomwepo, dzuwa likundiwamba. Analemba za tsiku limene anthu amfuti anafika kumudzi kwawo, kutentha nkhokwe n'kutenga mwamuna wake kuti akawasenzere katundu. Mwamunayo sanabwererenso. Amene anawalozera nyumba anali mlamu wake, mng'ono wa mwamunayo. Mtendere utabwera, akuluakulu a banja anafulula mowa, anamusambitsa mlamuyo mankhwala, nalamula kuti nkhaniyo yakwiriridwa, wina asadzaitchulenso. Ndi m'mene midzi yambiri inkachitira kuti anthu athe kumwera chitsime chimodzi. Mayiyo anamvera, sanaitchule. Anangoilemba.

Dzina ndinachotsa, monga anapemphera. Koma ndinasiyamo mkuyu wong'ambika ndi mphenzi umene unali kuseri kwa nyumba yake, ndinasiyamonso chala choduka cha mlamuyo, chifukwa zinkakometsa nkhani. Mnzanga uja anati sitinasindikizepo chinthu chokoma chotero, ndipo ankanena zoona. Sitinaganize zoti makope otsala aja, amene amayi ankakulungira mtedza, amakwera malole omwewo obwerera kumapiri. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mvula itayamba mayiyo anandipeza kusukulu. Anali atawonda, nsalu ikuchita kumuzungulira kawiri. Anati mphwake wa mlamu uja anagula mtedza pa siteji, n'kuwerenga pepala lokulungiralo mokweza pabwalo, anthu akumvetsera. Atangofika pa mkuyu, aliyense anadziwa. Akuluakulu anati wafukula chimene banja linakwirira. Anamuchotsa pamudzi, ndipo popeza anamulowola, ana ake anatsala kuchimuna.

Ndinene zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi mpaka lero. Chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga si chisoni ayi. Ndinamva kukoma. Kamagazini kathu kafika ku Tsangano, kawerengedwa pabwalo! Mayi akundiuza zoti walandidwa ana, ine ndikunyadira owerenga. Chisoni chinabwera pambuyo, ndipo chitabwera sichinachokenso.

"Pepani mayi," ndinatero. "Wolakwa ndine. Ndichite chiyani?"

"Pepani sabweza ana, aphunzitsi. Akuti pepala ndi limene linanena, pepala lomwelo likane. Mulembe kuti nkhani ija ndinapeka, kuti ndine wabodza. Akawerenga pabwalo pomwepo andilola kubwerera."

Mnzanga anakana kwamtuwagalu. Anamenya tebulo, akusakaniza Chinyungwe ndi Chipwitikizi, kuti tinayamba revisita kuti anthu ngati mayiyu anene zimene zinawachitikira, osati kuti tiziwatseka pakamwa. Anati nyuzi zikuluzikulu za ku Maputo sizidzalemba za nkhokwe ya ku Tsangano, ndiye ifenso tikakana, nkhaniyo ikhala ngati sinachitike. Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati iyeyo ndi amene akawaphikire ana aja. Tinanenana zamwano, ndipo kwa kanthawi sitinkapatsana moni.

Ndinatayipa ndekha. Pa tsamba loyamba la kope lotsatira ndinalemba kuti nkhani ya mkuyu inali yongopeka, kuti wolemba wake akupepesa kwa onse amene anawaipitsira mbiri. Ndinapukusa makina mpaka tsamba lomaliza. Mayiyo anabwera kudzatenga, anapinda mapepalawo bwinobwino m'nsalu momwe muja, nakwera lole.

Kamagazini sikanafe. Mnzanga anabwerera, tinapitiriza kwa zaka zingapo, ndipo ena mwa ana amene tinawasindikizira ndakatulo zawo zoyamba akulembabe mpaka pano. Anthu akamandiyamikira kuti tinagwira ntchito yaikulu pa nthawi yovuta, ndimangogwedeza mutu, chifukwa munthu amene analemba bwino kuposa tonsefe ndi amene tinamutcha wabodza.

Patapita nthawi ndinakumana naye mumsika, atakhala pambali pa mulu wa kachewere. Anali atanenepako. Anandiuza kuti anamulandira, ana ali naye, ndipo mlamu uja amamuthandiza kulima. Anandiikira kachewere m'thumba n'kuwonjezera basera. Ine ndi kupusa kwanga ndinamufunsa ngati akulembabe, poti kope lotsatira linali ndi malo.

Anandiyang'ana, kenako anapitiriza kusankha kachewere wake.

"Aphunzitsi, wabodza angalembenso chiyani?"