Penti Wachikasu

Boti la faiba lija analigula ndi Tiyamike, malemu mkazi wanga, esiteti ina ya fodya itatsekedwa. Linali losuwa ngati fupa. Anagulanso zitini ziwiri za penti wachikasu, koma anamwalira asanazitsegule.

Chaka chatha ndinalivuula m'damu la kwathu ku Lisasadzi. Ndinalikwecha ndi sandipepa masabata atatu, manja akuyabwa, kenako ndinalipaka wabuluu. Achimwene ake a Tiyamike atafunsa, ndinati, "Wachikasu uja anauma, alamu."

Analowa m'shedi, n'kugwedeza chitini. Chinalira khuchukhuchu.

"Wouma amalira chonchi?"

Ndinangozyolika. Iwo anandigwira paphewa. "Pepani, alamu, ndamvetsa. Kutsegula zimene anasiya n'kowawa."

Ndinavomera ndi mutu. Chisoni ndili nacho chenicheni, koma chifukwa sichinali chimenecho. Mtundu wachikasu ndimadana nawo basi. Tsiku limene Tiyamike anabwera nazo zitinizo ndinamuuza kuti wasankha bwino.

Sabata yatha ndinagulanso sandipepa, wabuluu uja ndikumukwecha pang'onopang'ono. Chitini chimodzi ndatsegula. Penti ali bwinobwino, ndipo mtunduwo ndi wonyansabe.