Chaka Chimene Tinabzala Chimanga Kumtunda

Kuchokera ku Chileka kukafika ku Lirangwe si kutali. Masiku amenewo munthu wolimba miyendo ankanyamuka pa njinga dzuwa litatuluka, n'kukafika lisanafike paliwombo. Koma mvula ya malo awiriwa ndi yosiyana. Mitambo inkasonkhana pa phiri la Michiru n'kukhuthulira madzi ku Chileka mpaka ngalande kusefukira, pamene kwathu ku Lirangwe tinkangomva fungo la dothi lonyowa likubwera ndi mphepo. Ukamalowera kumpoto dziko limatsika pang'onopang'ono kulunjika ku Shire, ndipo likamatsika limatentha. Milambe ndi mitengo yaminga imachuluka, miyala n'kutulukira pamwamba pa nthaka ngati nthiti za ng'ombe yowonda.

Ine ndinabadwira kumeneko. Pamsika panali masitolo owerengeka, chigayo ndi njanji. Anthu ankagulitsa mbuzi, nandolo, makala ndi thonje pa nyengo yake, ndipo pachipata pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani, moti amayi ankamanga lawo pamfundo ya chitenje kuti lisatayike. Bambo anga anamwalira ine ndili kusekondale. Pakhomo panatsala amayi, mng'ono wanga amene ukwati wake unatha, ndi ana ake atatu. Anthu asanuwa ankadya za m'minda iwiri. Wakumunsi, pafupi ndi khwawa, unali wa dothi lakuda losunga chinyezi, koma unali waung'ono. M'menemo munkabzalidwa chimanga ndi maungu. Wakumtunda unali waukulu, wa dothi lofiira losakanikirana ndi timiyala, ndipo chiyambire ndili mwana munkabzalidwa mapira ndi nandolo.

Mapira a amayi anali ofiira, owawirako pang'ono, ndipo mbalame sizinkawakonda kwenikweni. Anansi athu ankabzala oyera. Ofiirawo anabwera ndi agogo kuchokera kutsidya kwa Shire, ndipo pofika nthawi imeneyo amayi okha ndiwo anali atawasunga. Chaka chilichonse ankasankha ngala zonenepa n'kuzipachika kutsindwi kwa kanyumba kophikira, kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe. Chimanga chakumunsi chinkatha mwezi wa Ogasiti. Kuyambira pamenepo mpaka zokolola zina, pakhomo pankakhala moyo chifukwa cha mapira amenewo.

Amuna anga anali a ku Thyolo, kumene mvula imagwa mpaka anthu kuidandaula. Anali kalaliki wa katundu ku bwalo la ndege. Mwa mwambo wathu anayenera kudzakhala kwathu pachikamwini n'kumalima munda wa apongozi awo, koma chifukwa cha ntchito amalume analola kuti anditenge tikakhale ku Chileka. Nkhaniyi inkawavuta mumtima. Ankanena kawirikawiri kuti anatenga mkazi m'mudzi wa eni osagwirako khasu ngakhale tsiku limodzi.

Amayi anali a tchalitchi, koma pa zaulemu wa chipongozi sanasinthe kanthu. Iwo ndi amuna anga sankalankhulana maso ndi maso. Tikapita kukacheza, amuna anga ankakhala pampando kukhonde la kumaso, amayi n'kukhala kuseri, pakhomo pa kanyumba kophikira. Mawu onse ankadzera mwa ine. Ndinkayenda kuzungulira nyumba, kutenga moni uku n'kukautula uko. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zinayi popanda cholakwa.

Chaka chachisanu, mwezi wa Okutobala, amuna anga anatsika basi pa Lirangwe ndi matumba awiri a feteleza ndi mbewu ya chimanga chamakono, chimene alangizi ndi wailesi ankachitama masiku amenewo. Mng'ono wanga anamasula thumba limodzi, n'kutapa timibulu toyerato m'dzanja.

"Alamu, shuga yense uyu ndi wathu? Ndiye tiyi wa lero tidya ndi supuni."

"Yesani kunyambita, alamu," anatero amuna anga. "Pofika Khirisimasi mudzakhala mutamera ngayaye pamutu."

"Bola ngayaye, mwina amuna angandione."

Anaseka onse awiri, pakuti alamu amaloledwa kutero. Kenaka amuna anga anawongola malaya n'kundiuza mwaulemu mawu oti ndikafikitse: kuti chaka chino akupempha kulima munda wonse wakumtunda ndi manja awo, abzalemo chimanga ichi, kuti amayi apume ku mapira ndi kuingitsa mbalame.

Ndinazungulira nyumba. Amayi anali kusenda nandolo m'lichero. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja osaleka ntchito.

"Ukawauze apongozi anga kuti ndathokoza," anatero. "Koma ukawauzenso kuti kumtunda si kwa chimanga. Kuja mvula ikangopuma masabata awiri, dothi limatentha ngati chiwaya. Mbewu yawoyo abzale kumunsi. Kumtunda andisiyire mapira anga."

Kuchokera pa kanyumba kaja kufika kukhonde la kumaso sipankakwana mapazi makumi awiri. Ndili m'njira ndinaganiza za nkhope ya amuna anga, mmene anasangalalira pokweza matumba aja m'basi. Ndinaganizanso za ine mwini. Ndinali nditaphunzira za ulimi kusekondale, ndipo ndinkakhulupirira kuti feteleza amakonza nthaka ina iliyonse. Panalinso china chimene sindinachivomere kwa zaka zambiri: ufa wofiira uja unkandichititsa manyazi kuyambira pamene ndinkagonera kusukulu, kumene atsikana anzanga ankati ndi chakudya cha anthu osauka a kuchigwa.

"Amayi akuti athokoza kwambiri," ndinatero. "Akungodandaula kuti kumtunda kuli miyala, mudzavutika."

"Miyala yokha? Mukawauze kuti nditenga tchuthi. Manja awa si a pensulo yokha ayi."

Ndinabwerera kuseri n'kunena kuti apongozi awo amva, koma akupemphabe. Amayi anasiya nandolo uja n'kundiyang'ana. Mkamwini akapempha chinthu kawiri, kumukana kachiwiri ndi kumuchotsa ulemu pamaso pa mudzi wonse. Iwo ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa.

"Chabwino," anatero. "Alime."

Analimadi. Anatenga masabata awiri, manja n'kuchita matuza mpaka kuphulika, ndipo mizere anaiwongola ndi chingwe monga alangizi ankanenera. Mvula yobzalira inabwera bwino kumayambiriro kwa Disembala. Pofika chaka chatsopano chimanga chinali m'mawondo, chobiriwira mochita kuda, ndipo anthu opita kumsika ankaima m'njira kuchiyang'ana. Ena ankandiyamikira kuti ndinakwatiwa ndi munthu wanzeru. Amayi ankapalira limodzi ndi mng'ono wanga. Ngala zawo za mapira zinatsala kutsindwi, zikuda ndi mwaye.

Pakati pa Januwale mvula inadula ku Lirangwe. Ife ku Chileka sitinadziwe msanga, chifukwa kwathu inkagwabe masiku ena. Ndikukumbukira amuna anga akulowa m'nyumba madzulo ena atanyowa, akukutumula chipewa, n'kunena mokondwa kuti imeneyi yafikanso kwa amayi. Sinafike. Patapita masiku angapo kondakitala wa basi anatipatsira kakalata ka mng'ono wanga, ka mizere iwiri yokha, kakuti ndipite ndikaone ndekha.

Ndinapita Loweruka. Chimanga chinali chitangoyamba kumasula ngayaye pamene dzuwa linachipeza. Masamba anali atapota ngati a anyezi, akumunsi atauma kale, ndipo ukayenda m'mizere ankalira ngati mapepala. Ndinafukula ndi chala kufuna chinyezi, koma dothi linanditentha. Kutsidya kwa malire, mapira oyera a anansi athu analinso ofota, otuwa ndi fumbi, koma amayi anandiuza kuti amenewo sanafe, akungodikira. Ananena zimenezi mopanda mkwiyo, ngati akuuza mlendo njira.

Ng'ambayo inatha pafupifupi mwezi. Mvula itabwerera, mapira a anansi anadzuka m'masiku atatu. Chimanga sichinadzuke. Pamenepo amayi anatsitsa ngala zawo zonse, nazipuntha, n'kubzala pakati pa mapesi akufa aja. Mng'ono wanga anawapempha kuti asungeko ngala ziwiri, koma iwo anati ana atatu sangadye ngala zopachika. Mbewu inamera bwino, inafika m'mawondo, kenaka mvula inatha mu Malichi monga imathera kumeneko. Palibe phesi limene linabereka. Mapira ofiira a agogo anathera pamenepo.

Chaka chimenecho chinali chotopetsa kuposa mmene ndingalembere. Chimanga chakumunsi nachonso chinachepa, ndipo nkhokwe inaoneka pansi mu Julayi. Mng'ono wanga anayamba kuyenda maganyu, kenaka kuotcha makala n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu, mpaka chifuwa chinamugwira. Mwana wake wamng'ono anatupa miyendo, tinamutengera ku Chileka kwa miyezi itatu. Mwezi uliwonse amuna anga ankamanga thumba la ufa pa njinga n'kupalasa kupita ku Lirangwe. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Koma amayi, amene moyo wawo wonse sanapemphepo chakudya kwa munthu, tsopano ankalandira ufa kwa mkamwini anansi akuona, ndipo ine ndinkazungulirabe nyumba kunyamula mawu othokoza. Nthawi zonse ndinkati ndiulula sabata yamawa. Sabata yamawa ikafika, ndinkapeza chifukwa china.

Okutobala wotsatira tinapitanso. Amuna anga anali atatenganso mbewu yomweyo. M'basi anandiuza kuti chaka chatha linali tsoka la mvula chabe, ndipo munthu sasiya chinthu chabwino chifukwa chalephera kamodzi. Ine ndinayang'ana pawindo. Minda inali yoyera mbee, mbuzi zikudya makoko a nandolo, ndipo kutentha kunkachita kuvina pamwamba pa njanji.

Titafika amuna anga anakhala pampando wawo wa nthawi zonse. Mng'ono wanga anaona kathumba ka mbewu kaja, koma ulendo uno sanaseke.

"Alamu, mwabweranso nacho?"

"Tiyesenso, alamu. Mulungu sangatimane kawiri."

"Mulungu wa ku Thyolo ameneyo," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Amuna anga anandipatsa mawu oti ndikafikitse, ndipo ndinaimirira. Ndisanafike pangodya ya nyumba ndinakumana ndi amayi akubwera. Anali atafunda chitenje kumutu. Anandidutsa ngati sanandione, nakakhala pansi kumapeto kwa khonde, atatembenukira kumbali kuti asayang'anane ndi mkamwini wawo. Amuna anga anadzidzimuka, anatsika pampando n'kunjuta, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mundikhululukire," anatero amayi. "Lero ndilankhula ndekha. Ndikudziwa kuti si mwambo."

"Lankhulani, amayi."

"Chaka chatha ndinati kumtunda si kwa chimanga. Ndinati mubzale kumunsi, mundisiyire mapira anga. Mawu amenewo anakupezani?"

Amuna anga anatembenuka n'kundiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu.

"Sanandipeze, amayi."

"Ndinaganiza choncho. Munthu amene wapalasa njinga miyezi yonseyi kudzandidyetsa sakanakana mawu anga akanawamva."

Sananditchule, ndipo sanandiyang'ane. Anapitiriza kulankhula za minda. Anafotokoza kuti kumunsi kokha ndiko kungalandire mbewu yatsopanoyo, ndi kuti kumtunda adzabzala mapira oyera amene anapempha kwa anansi, ngakhale kuti padzafunika munthu woingitsa mbalame mwezi wathunthu. Amuna anga ankafunsa, iwo n'kumayankha: mvula ya kuno imayamba liti, imadula liti, dothi lofiira limasunga madzi masiku angati. Ine ndinaima pabwalo, padzuwa, wopanda mawu oti ndinyamule. Mng'ono wanga ndiye anatuluka ndi mphasa.

"Achemwali, khalani pansi. Ntchito yakutherani."

Mkazi wina wa pafupi anali atadutsa ndi ndowa pamutu ndipo anaona zonse. Pofika Lamulungu mudzi wonse unkadziwa kuti amayi akhala khonde limodzi ndi mkamwini wawo. Akazi anzawo, amene kale ankawatchula monga chitsanzo polangiza atsikana, anayamba kunena kuti njala yawachotsa ulemu. Amayi sanadziteteze, chifukwa kudziteteza kukanafuna kuti anene chimene ine ndinachita. Anasenza mbiri imeneyo mpaka imfa yawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankalankhula okha ndi amuna anga, osandiitananso kudzanyamula mawu.

Madzulo a tsikulo tinadikira basi nthawi yaitali pansi pa mlambe wa pamsika. Amuna anga anali atasiya theka la mbewu ija kwa amayi, theka lina lili pamiyendo pawo. Sanakalipe. Ankangoyang'ana zikhatho zawo, pamene panali zipsera za matuza a chaka chatha.

"Mayi a ana," anatero potsiriza, "mukanangondiuza. Ine ndikanamva."

Ndinati ndikudziwa. Basi inabwera itadzaza, ndipo tinaima njira yonse mpaka ku Lunzu.